Ni ba Ng'oma Chabe

Mtendere, Lusaka
12 Febuluwale 2023

Okondedwa alongo anga a Enos,

Landirani moni wa kuno ku Lusaka, inu pamodzi ndi alamu anga. Mwendo uja ukuti bwanji masiku ano? Nanga chimanga chili pati, poti ndamva kuti mvula inadula kumeneko? Mundiuze zonse, musabise.

Ndalemba kalata monga mufunira, ngakhale m'Zambia monse mwatsala inu nokha wokana foni. Kondakitala wa basi ya ku Katete amachita kundiseka ndikamupatsa envulopu, akuti kodi amayi mwapeza chibwenzi kumudzi.

Nkhani ndi iyi. Kichini pate ya mwana wanu Chipo tapangana kuti ichitike pa 11 Malichi, ukwati weniweni mu Ogasiti. Ndikudziwa kuti inu aphunzitsi akale mufunsa kuti kichini pate n'chiyani. Ndi phwando la amayi okhaokha, lolangira mkwatibwi ndi kumupatsa ziwiya za m'nyumba. Amalowa atamufunditsa chitenje, ndipo akamuvundukula amakhala chowerama tsiku lonse, osaseka, osayankhula. Aliyense wobweretsa mphatso amaitanidwa ndi dzina, n'kuvina pamaso pa anthu asanaipereke.

Alongo, mwana wathu wagwera pabwino. Kwawo kwa Musonda, mnyamatayo, ndi kumayadi, ku Woodlands, kumene geti limatseguka lokha. Amayi ake, asebele anga, anali akuluakulu pa kampani ina m'tauni. Amayankhula motsitsa mawu ngati m'nyumba muli wodwala. Nditapitako ndinachita kuopa kuponda pansi. Atandifunsa komwe ndimakhala ndinati cha ku Kabulonga. Si bodza kwenikweni, poti kuchokera pa Mtendere munthu amafikako wapansi.

Ine ndikusoka madiresi a amayi a komiti, makina sakupuma. Ng'oma adzaimba ndi mnzanga Nsofwa ndi anzake awiri. Ndinafuna kubwereka zokuzira mawu monga amachitira anthu masiku ano, koma mumamudziwa. Anati bola afe kusiyana n'kuti mwana amene anamulera avinidwe ndi wailesi.

Ndine mlongo wanu,
Felistus

Katete
26 Febuluwale 2023

Mlongo wanga Felistus,

Kalata yako yafika, ndipo ife tilipo. Mwendo ukadali wouma ngati mpini, moti ulendo wa ku Lusaka ndikuusungira ukwati weniweniwo. Mvula inabweranso, chimanga chamasula. Inu kumeneko muli bwanji ndi chipwirikiti chimenechi?

Za cha ku Kabulonga ndaseka mpaka alamu ako kubwera kudzaona ngati ndatsamwa. Ndiye kuti nanenso ndiyambe kunena kuti ndimakhala cha ku Chipata.

Chandikondweretsa kwambiri ndi dzina la Nsofwa. Ali bwanji Mbemba wathu uja? Akadali ku Kanyama? Umuuze kuti mbewa zake ndamuyanikira, naye andisungire mchira wa nyani. Chimbuya chathu ndi Abemba, chibale chonyozana moseka chija, sichikalamba, ndipo pa onse amene ananditukwanapo, palibe wondifika pamtima ngati iye.

Ine sindidzaiwala chaka chimene bambo a Chipo anamwalira, iwe n'kugwidwa ndi chifuwa chachikulu. Ndinabwera mu Januwale, madzi ali m'mawondo komboni yonse. Ndinakupeza uli gone pamphasa m'chipinda chake chimodzi chija. Posakhalitsa iye anatulukira kuchokera kusukulu atabereka Chipo kumsana, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, nsapato za mwanayo zili m'manja kuti zisanyowe. Anakusungani zaka ziwiri, pamene ife abale ako tinkangotumiza mapemphero. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ambiri timangonena pakamwa. Iye anachita.

Ndatumiza thumba la mtedza. Theka ndi lake, ndipo usandibere poyeza. Pa tsikulo umukhazike kutsogolo pambali pako. Ng'oma aimbe pang'ono kuti mtima wake ukhale pansi, kenako awasiyire anzakewo.

Mlongo wako,
Enos

Mtendere
20 Malichi 2023

Okondedwa alongo anga,

Moni nonse. Mtedza unafika bwino, zikomo. Alamu anga chifuwa chija chinatha?

Phwando linayenda bwino koposa. Tinachitira pabwalo lina la maluwa kumayadi, m'tenti yoyera, pansi atayala kapeti. Mvula inagwa usiku wonse mpaka m'mawa, koma inakata nthawi yabwino. Amayi anadzaza mipando yonse, ena anachita kuimirira. Madiresi anga anawayamikira, moti amayi atatu a ku Woodlands atenga nambala yanga.

Mphatso ndiye musanene. Firiji, sitovu, mapoto oti Chipo adzaphikira mpaka zidzukulu. Asebele anavina mwaulemu, phewa lokha ndi limene linkagwedezeka. Ine ndinavina mpaka chiuno chikundikumbutsabe lero.

Chipo anaoneka bwino zedi. Atamuvundukula anali phee monga anamulangira, koma chapakati pa mwambo anayamba kulira, misozi ili chuchuchu mpaka phwando kutha. Amayi onse anati uyu ndiye mwana woleredwa, akudziwa kuti akusiya amake. Masiku ano akugona kwa mnzake ku Kalingalinga, akuti ndi pafupi ndi kiliniki imene amagwirako ntchito. Zokonzekera ukwati zimatopetsa ana.

Ndisiyire pomwepa, pali nsalu zikundidikira.

Felistus

Katete
2 Epulo 2023

Mlongo wanga,

Tili bwino, chifuwa cha alamu ako chinatha. Iwe wapumako?

Kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ndadziwa mtundu wa tenti, ndadziwa za firiji, ndadziwanso phewa la asebele. Koma zaka makumi atatu ndikuchonga makope a ana zinandiphunzitsa kuyang'ana funso limene mwana walumpha. Nsofwa ali kuti m'kalatamu? Anakhala pati? Za mbewa anayankha chiyani? Ngati akudwala undiuze, usandibisire poganiza za mwendo wanga.

Enos

Mtendere
30 Epulo 2023

Alongo anga,

Pepani pochedwa kuyankha, ntchito yachuluka ndipo magetsi akuvuta. Ndikhulupirira mwayamba kukolola. Mwapeza ngolo zingati chaka chino?

Nsofwa sakudwala. Ng'oma anaimba, ndipo anaimba bwino. Koma anachoka anthu asanabalalike, osatsanzika, ndipo chichokereni sanapondeko kuno. Sitinayankhulane. Mtedza wake ukadali pakona pomwe ndinauika.

Sindifuna kunena zambiri. Inu ndinu wamkulu, mukudziwa mmene anthu ena amakhalira akaona kuti mnzawo zayamba kumuyendera. Tiyeni tizisiye, tione za ukwati.

Felistus

Katete
14 Meyi 2023

Felistus,

Moni. Zokolola ndikuuza tsiku lina, lero pali nkhani.

Mawu ako anandipweteka, ndipo monga malume wa Chipo ndinaona kuti sindingangokhala. Ndinamulembera Nsofwa, kalata n'kupatsira Benedict, mphwawo wa alamu ako, amene amapita ndi lole ya nyemba ku Lusaka. Sindinamunyengerere. Ndinamuuza kuti nsanje ndi matenda oipa pa munthu wopemphera, kuti kulera mwana si kugula mwana, ndi kuti kuchoka paphwando osatsanzika ndi mwano. Ndinadzaza masamba awiri, miyambi inayi. Yankho lake labwera dzulo, ndipo ndikukukopera liwu ndi liwu.

"Ba Enos, mwapoleni. Kalata yanu nalandila, naiwelenga. Vonse vamene mwakamba namvela. Ngati ninalakwa kuyenda osalaila, munikhululukile. Ninaona mvula ifuna kubwela futi, elo ng'oma ikanyowa siilila. Felistus alibe mulandu na ine. Chipo ni mwana wabwino, Lesa amusunge mu nyumba yake. Ku ukwati nizatuma banzanga babili, baliza bwino kuchila ine. Ine manja yayamba kubaba. Mupeleke moni kuli ba mulamu. Nsofwa."

Felistus, mkazi ameneyu ndamudziwa zaka zoposa makumi awiri. Sanayambe wandipatsapo moni osanditcha wodya mbewa. Ngakhale pamaliro a amuna ako anandinong'oneza kuti ndisatafune maluwa a pamanda. M'kalatayi mulibe mbewa ngakhale imodzi. Wandilembera ngati akulembera a polisi. Ndiponso munthu wansanje ukamukalipira amadziteteza, sapepesa chonchi.

Tsono undiuze chimene chinachitika m'tenti muja. Ndikuopa kuti ndamenya munthu wosalakwa ndi ndodo imene wandipatsa ndiwe.

Enos

Mtendere
28 Meyi 2023

Alongo anga a Enos,

Moni ndikupatsani, koma za umoyo sindifunsa lero, mundikhululukire. Mawu a Nsofwa ndinawawerengera pamakina, ndipo tsiku limenelo sindinasokenso. Ndinakunamizani. Wansanje palibe. Wolakwa ndine.

M'mawa wa tsiku lija ku Kanyama kunasefukira monga kumachitira. Nsofwa ndi anzake anayenda m'madzi ng'oma zili pamutu mpaka kumsewu waukulu. Anafika mochedwa, atavala majombo, matope mpaka m'chitenje. Sanapume n'komwe, anangokhala pansi n'kuyamba kuimba, Chipo n'kulowa. Atamuvundukula anamukhazika pamphasa kutsogolo. Ine ndi asebele tinali pamipando, mwana ali pamapazi athu penipeni, mutu pansi.

Ng'oma zitapuma koyamba, Nsofwa anabwera chothamanga, majombo akusiya mapazi pakapeti yoyera ija, thukuta lili kamukamu. Anandikumbatira n'kufuula kuti, "Iwe Feli, ona mwana wathu! Takulisa, mwandi!" Amayi a kumayadi anatembenuka onse. Padiresi langa panatsala chidindo cha dzanja lake. Pamenepo asebele anandigwira pamkono n'kufunsa motsitsa muja kuti, "Bana Chipo, aba ni bandani?"

Alongo, sindinganene kuti pakamwa panaterereka. Nthawi yoganiza ndinali nayo. Ndinayang'ana majombo aja, ndinayang'ana nsapato za asebele, ndinakumbukira kuti ine ndine wa cha ku Kabulonga. Ndipo ndinati, "Ni ba ng'oma chabe. Tinabatenga ku Kanyama."

Nsofwa anamva. Anachotsa dzanja paphewa langa pang'onopang'ono, ananyonyomala pamaso pa asebele monga amachitira aganyu, n'kubwerera kung'oma yake. Mayi woyendetsa mwambo naye anamva, choncho nthawi ya chakudya anawatumiza atatuwo kuseri kwa tenti, kukadya ndi otsuka mbale. Nthawi ya mphatso anaitana mayina ambirimbiri, ndipo aliyense anavina ng'oma ya Nsofwa. Dzina lake silinaitanidwe, poti aganyu saitanidwa. Mphatso yake inali m'pulasitiki pambali pa ng'oma, ndipo anabwerera nayo. Ndinali ndi maola atatu oti ndiimirire n'kukonza. Ndinakhala pampando ndikumwetulira.

Misozi ya Chipo, imene ndinakunyadirani nayo ija, inayambira pomwepo. Mwambo sulola mkwatibwi kutsegula pakamwa. Ndiye mwana anamva mayi wake womubala akukana mayi wake womubereka kumsana, iye ali pamapazi awo, osatha kunena kanthu. M'mawa mwake anandiuza mawu amodzi okha. Anati, "Mami, sininazibe kuti mumatichitila nsoni." Anatenga chikwama n'kupita ku Kalingalinga, ndipo si chifukwa cha kiliniki.

Choipa china n'chakuti pamene munafunsa, ndinakupatsani bodza loti ndibisalemo, inu n'kukamutukwana m'malo mwanga. Iye akanatha kundiulula ndi mzere umodzi. M'malo mwake wanamizira mvula ndi manja. Mpaka lero akundisungabe, alongo, monga anandisungira pamphasa paja.

Ndili ndi manyazi oti ndikaona minibasi ya ku Kanyama ndimayang'ana kumbali. Kawiri ndafika pasiteshoni n'kubwerera. Zaka makumi atatu za ubwenzi ndazigulitsa kuti amayi osandidziwa andione ngati mnzawo kwa tsiku limodzi. Ndichite chiyani?

Mlongo wanu,
Felistus

Katete
4 Juni 2023

Mlongo wanga,

Tilipo. Sindikukalipira, wadzikalipira wekha mokwanira. Ndiponso ndilibe nkhope yokalipira munthu. Mphunzitsi wamkulu ine, kulanga ndisanamve mbali inayo, chinthu chimene ndinkaletsa aphunzitsi anga. Ndamulembera Nsofwa kupepesa, tsamba limodzi, lopanda mwambi.

Wafunsa chochita. Bodzalo unalinena kwa asebele, choncho uyambire kumeneko. Ukathamangira ku Kanyama bodza likadali chikhalire ku Woodlands, ukangomupatsa Nsofwa ntchito ina yokutonthoza, ndipo ntchito imeneyo waigwira kale mokwanira. Usatume munthu. Usanyamule mphatso, ngakhale mtedza wanga uja, angaganize kuti wabwera kudzagula. Upite ndi miyendo yako ndi pakamwa pako pomwe panalakwapo.

Sindikulonjeza kuti akulandira. Madzi akatayika saoleka. Koma ukapanda kupita, udzavina paukwati wa mwana wako uli wekha pakati pa anthu mazana awiri, ndipo ine sindidzakwera basi ndi mwendo uwu kudzaonerera zimenezo.

Undilembere ukabwerako.

Enos

Mtendere
18 Juni 2023

Okondedwa alongo anga,

Moni kwa inu ndi alamu anga. Kuzizira kwafika kumeneko? Muzifunditsa mwendowo. Chipo sanabwererebe kunyumba, ndipo ngati Nsofwa adzapezeke paukwati sindikudziwa, sindinafunse. Koma ndinapita konse kuwiri.

Lachiwiri ndinapita ku Woodlands. Ndinakhala m'mphepete mwa mpando n'kunena zonse, za Kanyama, za chifuwa, za chipinda chimodzi, ndi kuti kwathu ndi ku Mtendere, pafupi ndi msika, osati ku Kabulonga. Asebele anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kenako anati:

"Bana Chipo, vonse ivo tinaviziba kudala. Chipo anatiuza tsiku yamene Musonda anamuleta kuno. Pamene ninaona baja bamayo bamukumbatilani, mumtima ninati ni bamene aba. Ninafunsa kuti muniuze zina yao, nibagwadile, nibathokoze pamenso pa bantu. Manje imwe munati ni ba ng'oma chabe. Ninaganiza kuti nasokoneza."

Alongo, bola akanandinyoza. Munthu amene ndinkamuopa uja anabwera wokonzeka kugwadira Nsofwa, ndipo amene anamuletsa ndine. Manyazi onse aja ndinachita kudzisokera ndekha, palibe anandipatsa nsalu yake. Ndinatuluka pageti lija osaona njira.

Dzulo ndinakwera minibasi ya ku Kanyama. Madzi anauma, kwatsala fumbi ndi miyala imene anthu amadumphapo nthawi ya mvula. Miyendo inkadziwa njira yokha. Nditakhota pa mpopi, mayi wina amene tinkagulitsa naye tomato kale anandiona, n'kuuza mnzake mokweza kuti, "Ba Kabulonga babwela." Ndinadziwa kuti nkhani inafika kale komboni yonse, poti anzake a Nsofwa awiri aja alibe chifukwa chondibisira.

Nsofwa ndinamupeza panja, pabenchi, akusankha tinsomba ta kapenta m'lichero. Ng'oma zinali padzuwa kuti zikopa zikungike. Waonda, alongo. Anandiyang'ana kamodzi n'kubwezera maso m'lichero. Ndinagwada pafumbi patsogolo pake.

"Nyamuka," anatero. "Uzaononga diresi."

Sindinanyamuke. Anthu anali atayamba kusuzumira m'makomo, ndipo ndinayankhula mokweza kuti amve, poti pomukana ndinamukananso pagulu. Ndinanena chimene anandichitira ndi chimene ndinamubwezera. Ndinamuuza kuti ndapita kwa asebele, ndi zimene asebele anayankha. Ndinamuuzanso kuti kalata yanu yaukali ija inachokera pa bodza langa. Sindinapemphe kuti andikhululukire, ndinaona kuti ndilibe pogwira.

Anapitiriza kutola timiyala m'kapenta. Kenako anaika lichero pansi.

"Kumbuyo kwa tenti nadyela zaka twente, Feli. Si vachilendo. Mupunga wa kumbuyo na wa kusogolo ni umozi. Chamene chinanibaba ni ichi. Ine muntu akanichita choipa, nimakwela basi kubwela ku Mtendere kukuuza. Tsiku ija nafika pano, naika ng'oma pansi, navula majombo, navala nsapato kuti niyende nikauze Felistus vamene anichita uja muzimai. Nafika pa stesheni ndiye nakumbuka kuti uja muzimai ni Felistus. Miyezi itatu nilibe wouza."

Ndinalira pamaso pa komboni yonse, mayi wamkulu ine, mawondo ali m'fumbi. Iye sanalire, ndipo sananene kuti zatha. Anangondiyang'ana mpaka nditatopa. Kenako anasendera kumapeto kwa benchi, n'kusiya malo a munthu mmodzi.

"Nkala apa," anatero. "Nikuuze vamene ananichita uja muzimai."

Ndinakhala, alongo. Anayambira pachiyambi penipeni, osasiyako kanthu, ndipo ine ndinamvetsera mpaka anamaliza.

Ndine mlongo wanu,
Felistus